Kapu ya koyilo yakakamira pa pulagi ya Hilux ya petulo: ndiichotse bwanji osawononga kanthu?

aMbewe, Chirimba

Ndikupereka moni kwa nonse a m'gulu lino, makamaka amakanika amene mumatithandiza nthawi zonse. Ndili ndi Toyota Hilux ya petulo, ya injini ya 2.7 yotchedwa 2TR-FE, ndipo ndimanyamulira simenti, malata ndi katundu wina wa makasitomala kuchokera ku Makata ndi ku Ginnery Corner kupita m'madera osiyanasiyana a mzinda uno. Posachedwapa injini yayamba kunjenjemera ndikaima pa loboti, ndipo ikumisa ndikamakwera chitunda ndi katundu, choncho ndinagula mapulagi kuti ndisinthe ndekha, monga momwe ndimachitira ndi sevisi yaing'ono. Makoyilo atatu, zida zopereka moto ku mapulagi, atuluka bwinobwino nditamasula kabawuti ka 10 mm ndi kuchotsa cholumikizira cha magetsi, koma koyilo ya silinda yachinayi, yomwe ili kumbuyo kwenikweni pafupi ndi kabini, yakana kutuluka. Ndikaikoka ikukwera pang'ono kenako ikubwereranso pansi yokha, zomwe zikundiganizitsa kuti kapu ya labala yomwe ili kumapeto kwake yagwira pulagi. Sindikufuna kukoka ndi mphamvu chifukwa mtengo wa koyilo yatsopano tonse tikuudziwa. Ndikupempha nzeru kwa amene mudakumanapo ndi vuto lotere.

aPhiri, Ndirande

Bambo Mbewe, mwachita bwino kuima pomwe mwaimapo. Ndisanalankhule zambiri ndikufuna kudziwa zinthu ziwiri. Kodi injini yazizira kotheratu, kapena mwayamba ntchito itangozimitsidwa kumene? Komanso muunike ndi tochi m'maenje atatu amene makoyilo atulukamo, mundiuze ngati muli oyilo, madzi kapena fumbi lonyowa, ndipo muyang'ane makapu a makoyilo atatuwo ngati ali ouma kapena akunyezimira.

Ndikufunsa izi chifukwa kapu sikakamira popanda chifukwa. Kawirikawiri labala amakhala atakumbatira gawo loyera la pulagi kwa zaka zambiri, injini ikutentha ndi kuzizira tsiku lililonse, mpaka amamatirira pa seramiki monga momwe nkhoko zimamatirira pansi pa mpoto wa nsima. Silinda yakumbuyo ndiyo imakonda kuvuta chifukwa kumeneko kutentha kumachedwa kuchoka. Chifukwa china ndi oyilo. Sili yozungulira dzenje la pulagi, yomwe imagwira ntchito limodzi ndi gasiketi ya tapeti kava (chivundikiro cha pamwamba pa injini), ikatha, oyilo amatsikira m'dzenjemo, labala amamwa oyiloyo n'kufufuma, ndipo akafufuma amadzaza dzenje lonse komanso amafewa moti sachedwa kung'ambika. Njira yochotsera imasiyana pang'ono malinga ndi chimene chagwira kapuyo, n'chifukwa chake ndikufuna muyambe mwayang'ana.

aJere, Bangwe

Achimwene, ine vuto limeneli silinditengera nthawi. Ndimatenthetsa injini kwa mphindi zingapo kuti labala afewe, ndimapopera WD-40 m'mbali mwa koyilo, kenako ndimalowetsa sikurudiraiva yaikulu pansi pa khutu la koyilo pomwe pamakhala bawuti n'kutukula. Pa Probox yanga imatuluka nthawi yomweyo, ndipo ndaonapo anyamata ambiri m'magalaja a ku Limbe akuchita chimodzimodzi.

Mayi Nangozo, Limbe

Bambo Jere, pepani, koma pa sikurudiraiva sindikugwirizana nanu, ndipo ndikulankhula monga munthu amene ntchito yake ndi magetsi a galimoto. Khutu la koyilo ndi lapulasitiki, ndipo pulasitiki amene wakhala pamwamba pa injini yotentha kwa zaka zambiri amakhala wouma. Mukatukula ndi chitsulo, mphamvu yonse imapita mbali imodzi, kotero koyilo simakwera molunjika koma imapendama, ndipo chimene chimachitika ndi chimodzi mwa izi: khutu limathyoka, thupi la koyilo limachita mng'alu umene maso sauona, kapena gawo loyera la pulagi limasweka pansipo. Mng'alu wa m'koyilo ndi woipa kwambiri chifukwa galimoto imalira bwino tsiku limenelo, koma ikadzagwa mvula kapena mukadzadutsa m'madzi, magetsi amene amafika mavoti 20,000 kapena kuposerapo amapeza njira yachidule yopita ku hedi, mutu wa injini momwe mapulagi amamangidwa, m'malo mopita ku pulagi, ndipo mwini galimoto amayamba kusinthasintha zinthu zina zosalakwa.

Za WD-40 nazonso ndili ndi nkhawa. Mankhwalawa ndi abwino pa mabawuti a dzimbiri, koma ali ndi mafuta ochokera ku petroliyamu, ndipo mafuta otere ndi omwe amafufumitsa labala. Ngati kapuyo mwaganiza kale zoitaya, palibe vuto lalikulu, koma ngati mukufuna kuibwezeretsa, gwiritsani ntchito sipule ya silikoni, ndipo ikhale yochepa.

aJere, Bangwe

Mayi, ndamva zimene mwanena za khutu la koyilo, ndipo sindikutsutsa kuti limatha kuthyoka. Koma pa nkhani yotenthetsa injini ndikuimabe pomwepo, chifukwa labala wozizira, makamaka m'mawa wa mwezi wa June kuno ku Bangwe, amakhala wolimba kwambiri ndipo sasuntha ngakhale pang'ono.

aPhiri, Ndirande

Pa mfundo imeneyo bambo Jere akunena zoona, koma tiyenera kusiyanitsa ntchito ziwiri. Kumasula kapu kumaphweka injini ikakhala yofunda pang'ono, yoti mukhoza kuika dzanja pa tapeti kava osalichotsa. Kumasula pulagi yeniyeniyo ndi nkhani ina. Hedi ya 2TR-FE ndi ya aluminiyamu pomwe pulagi ndi yachitsulo, ndipo zitsulo ziwirizi sizifutukuka mofanana zikatentha, kotero mukamasula pulagi hedi ili yotentha mukhoza kutuluka ndi mazinga a hedi omwe. Kukonza mazinga amenewo ndi ntchito yodula kuposa koyilo. Choncho ngati mwafunditsa injini kuti kapu imasuke, muidikire izizire musanaike soketi pa pulagi.

Tsopano bambo Mbewe, chitani izi. Muzimitse galimoto ndi kuchotsa kiyi. Muonetsetse kuti cholumikizira cha magetsi chachoka pa koyilo, ndipo pochichotsa mutsindike kaloko kake ndi chala, musakoke mawaya. Ngati paipi ya mpweya yomwe imadutsa pamwamba pa injini ikukutchingani, ichotseni kuti dzanja lilowe bwino, chifukwa anthu ambiri amakoka koyilo yakumbuyo mopendama kaamba kongosowa malo. Kenako gwirani mutu wa koyilo ndi dzanja lonse, muitsindikire pansi pang'ono, muipotoze kumanja ndi kumanzere mobwerezabwereza, pang'onopang'ono, osaikoka konse poyamba. Cholinga cha kupotoza ndi kudula kumatirira kumene kuli pakati pa labala ndi seramiki, ndipo kumatirirako kukaduka mudzamva m'dzanja kuti koyilo yayamba kuzungulira momasuka. Pamenepo ndi pomwe mumayamba kukoka molunjika m'mwamba uku mukupotozabe. Musaigwedeze chakutsogolo ndi chakumbuyo, chifukwa kugwedeza kotere n'komwe kumaswa pulagi.

aMbewe, Chirimba

Zikomo kwambiri nonse. Injini inali yozizira chifukwa galimoto yagona pabwalo kuyambira dzulo. Ndaunika m'maenje monga munanenera, bambo Phiri, ndipo loyamba ndi lachiwiri ndi ouma, koma m'dzenje lachitatu muli oyilo pang'ono pansi, ndipo kapu yake ndi yonyowa kumapeto. Ndachotsa paipi ya mpweya, ndapotoza koyilo yachinayi kwa kanthawi ndithu, ndipo pamapeto pake yatuluka, koma yatuluka yopanda kapu. Labala watsalira pansi m'dzenje atavala pulagi, ndipo ndikaunika ndikuona kuti wazunguliridwa ndi oyilo wakuda. Ndayesa kulowetsa soketi ya 16 mm koma siikufika pa pulagi chifukwa labalayo watchinga. Koyilo yokha ikuoneka yabwinobwino, ndipo kasipuling'i ka m'kati katuluka nayo limodzi.

aPhiri, Ndirande

Musadandaule, izi zimachitika kawirikawiri labala akamwa oyilo, ndipo kapu yotere inali itatha kale ntchito ngakhale ikanatuluka yathunthu. Chofunika kwambiri panopa n'chakuti musakakamize soketi. Anthu ena amamenya soketi ndi hamala kuti idutse pa labala, ndipo zotsatira zake n'zakuti labala amapanikizika pakati pa soketi ndi khoma la dzenje, soketi nayonso n'kukakamira momwemo, kapena seramiki imasweka. Malinga ngati pulagi ikadali yomangidwa, silinda ndi yotsekeka ndipo palibe chimene chingagweremo, choncho ntchito yonse yauve iyenera kuchitika pulagi isanamasulidwe ngakhale pang'ono.

Yambani ndi kuchotsa oyilo. Kulungani kansalu koyera pa kamtengo kapena pa waya, mukalowetse m'mbali mwa kapu kuti kamwe oyiloyo, kapena muyamwe ndi jekeseni wamkulu wopanda singano mutalumikizako kapaipi kakang'ono. Mukatero muziona bwino zimene mukuchita. Kenako mufunika kambedza kakatali. Amene ali ndi ndalama amagula timbedza ta amakanika tomwe timagulitsidwa m'masitolo a zipangizo, koma ife kuno timagwiritsa ntchito sipoko ya njinga. Mutenge sipoko, muinole nsonga pa mwala kapena ndi fayilo, mupinde nsongayo ndi pulayazi kuti pakhale kambedza kakang'ono ka mamilimita atatu kapena anayi, ndipo mbali inayo muipinde kuti pakhale pogwira. Poyamba musakoke ndi kambedzako. Mulowetse nsonga pakati pa labala ndi gawo loyera la pulagi, muyendetse mozungulira pulagi yonse kuti labala alekane ndi seramiki, ndipo mupopere silikoni pang'ono mumpata umene mwatsegulawo, mudikire mphindi khumi kapena kuposerapo kuti atsike. Mukatero mutsitse kambedza m'mbali mwa khoma mpaka pansi pa kapu, mukatembenuze kuti kakole m'mphepete mwa labala, mukoke pang'ono, musunthire mbali ina, mukokenso pang'ono. Mukakhala ndi masipoko awiri, wina mbali ino wina mbali inayo, kapu imakwera molunjika ndipo siichedwa. Ikakwera mpaka pomwe pulayazi ya milomo yaitali ingafike, muigwire ndi pulayaziyo, muipotoze uku mukukoka.

Ikang'ambika zidutswazidutswa musataye mtima, ingotolani chidutswa chilichonse mpaka muone mbali zonse zisanu ndi imodzi za pulagi pomwe soketi imagwira.

Mayi Nangozo, Limbe

Ndionjezere njira imodzi pa zimene bambo Phiri afotokoza. Ngati muli pafupi ndi kompuresa, ngakhale ya anyamata opopa matayala, mulowetse kamlomo kakatali ka mpweya m'bowo la pamwamba pa kapu, pomwe munali kasipuling'i, muphimbe dzenje ndi nsalu, mupopere mpweya mwachidule. Mpweya umadzilowetsa pakati pa labala ndi seramiki n'kufutukula kapu, ndipo nthawi zambiri imadzikankhira m'mwamba yokha. Chonde mutchinge maso, chifukwa oyilo, mchenga ndi zidutswa za labala zimatuluka ndi liwiro, ndipo nkhope yanu imakhala ili pamwamba penipeni pa dzenjelo.

Mpweya womwewo mudzaufunanso kapu ikatuluka. Misewu yathu yambiri ya m'makwalala ndi yafumbi, ndipo galimoto yonyamula simenti ndi mchenga monga yanuyo imasonkhanitsa tinthu tambiri pansi pa dzenje. Mupopere mpweya m'maenje onse anayi, mumasule pulagi kamzungulo kamodzi, mupoperenso, kenako ndiye muitulutse. Mchenga ukagwera mu silinda umakanda khoma lake ndi maring'i a pisitoni, ndipo kuwonongeka kumeneko sikubwerera.

aChisale, Soche

Moni akuluakulu nonse. Ine ndine wophunzira zamakanika ndipo ndikutsatira nkhaniyi mwachidwi. Ndili ndi funso kwa mayi Nangozo. Pa galaja pomwe ndikuphunzirira ntchito ndimaona mapulagi ena akutuluka ali ndi mkombero wofiirira pansi pa gawo loyera, pomwe seramiki imakumana ndi chitsulo, ndipo ena amatuluka ndi kamzere kakuda kotsika kuchokera pamwamba. Anzanga ena amati zonsezi zikusonyeza kuti pulagi ikutulutsa mpweya wa mu silinda. Kodi zili choncho, ndipo kodi zikukhudzana ndi kapu?

Mayi Nangozo, Limbe

Mwafunsa bwino, achimwene, chifukwa zinthu ziwirizi anthu amazisokoneza ndipo si zofanana. Mkombero wofiirira uja si chizindikiro choti pulagi ikutuluka mpweya. Umabwera chifukwa magetsi amphamvu amakokera tinthu ta oyilo ndi fumbi pa gawo la seramiki lomwe kapu siliphimba, ndipo pulagi yotere ikhoza kukhala yabwinobwino. Kamzere kakuda kotsika m'litali ndiye koopsa. Kamasonyeza kuti moto wakhala ukudumpha kuchokera pamwamba pa pulagi, n'kuyenda kunja kwa seramiki mpaka ku chitsulo, m'malo modutsa m'kati kukatulukira kunsonga. Moto ukayenda njira imeneyo umasiya mpita wa kaboni, ndipo mpitawo umakhala mbali zonse ziwiri, pa seramiki komanso m'kati mwa kapu. Mukayesa kukanda kamzereko ndi chikhadabo sikachoka.

Apa m'pomwe anthu ambiri amataya ndalama. Amasintha pulagi yokha n'kubwezeretsa kapu yakale, ndipo mpita wa kaboni umene uli m'kapu umaphunzitsa moto njira yomwe ija pa pulagi yatsopano, pasanapite nthawi galimoto yayambanso kumisa. Ena amasintha koyilo yokha n'kusiya pulagi ya kamzere, ndipo kapu yatsopano imawonongeka chimodzimodzi. Mukaona kamzereko, pulagi ndi kapu zisinthidwe pamodzi. Bambo Mbewe, pulagi yachinayi ikatuluka muiyang'ane bwino pa zimenezi, chifukwa oyilo ndi chinyezi m'dzenje ndi zomwe zimayambitsa kudumpha kwa moto kotere.

aBanda, Lunzu

Ndikupempha kulowererapo ngakhale galimoto yanga ndi yosiyana. Ndili ndi Nissan NP200 ya 1.6 ya mavavu asanu ndi atatu, yomwe ili ndi mawaya a mapulagi ochokera ku koyilo imodzi, ndipo makapu ake nawonso amagwira kwambiri. Kodi malangizo amene mwaperekawa ndi omwewo, kapena pa mawaya pali zina zoyenera kusamala? Ndikufunsa chifukwa bambo anga ali ndi Hilux yakale ya injini ya 4Y ya disitibyuta, ndipo ndimawathandiza kuisamalira.

aPhiri, Ndirande

Bambo Banda, kupotoza musanakoke ndi komweko, koma pa mawaya pali lamulo limodzi loposa onse, loti dzanja ligwire kapu, osati waya. Mawaya a mapulagi ambiri a masiku ano alibe kopa wolimba m'kati monga waya wa nyale, koma ali ndi ulusi wa kaboni kapena kawaya kopyapyala kozengedwa, kamene kanapangidwa motero kuti kachepetse phokoso la magetsi pa wailesi ndi pa kompyuta ya galimoto. Mukakoka waya, ulusiwo umaduka m'kati kapena kachitsulo kogwira mutu wa pulagi kamasiyana ndi waya, pomwe kunja kukuoneka bwinobwino. Moto umadumphabe pampata woduka kwa kanthawi, kenako mpatawo umakula ndi kupsa. Ngati zala sizikufika, pali pulayazi yapadera yochotsera makapu yomwe milomo yake ndi yopindika komanso yokutidwa ndi pulasitiki. Mukagwiritsa ntchito pulayazi wamba, kulungani kapu ndi nsalu ndipo mugwire gawo lochindikala, osafinya kwambiri.

Mukakayika waya, muuyeze ndi mita ya magetsi. Mabuku a Toyota a injini zakale monga 4Y amaika malire a 25 kilo-ohm pa waya umodzi, ndipo mita ikaonetsa kuposa pamenepo kapena ikapanda kuonetsa kanthu, wayayo watha. Poyeza muziupindapinda pang'ono, chifukwa waya woduka m'kati nthawi zina umaonetsa bwino ukakhala wowongoka. Chomaliza, muzichotsa waya umodzi, kusintha pulagi yake, kuubwezeretsa, kenako ndiye mupite ku wina. Injini ya 4Y imawotcha motsatira ndondomeko ya 1-3-4-2, ndipo mukasokoneza mawaya awiri okha galimoto imaphulitsa moto ku ekizozi kapena imakana kulira.

Mayi Nangozo, Limbe

Popeza nkhani yafika pa magalimoto ena, ndichenjezenso eni ake a Suzuki Carry, Daihatsu Hijet ndi Mazda Bongo, omwe injini zawo zili pansi pa mipando. Malo ogwirira ntchito ndi ochepa ndipo dzanja limalowa mopendama, kotero makapu amang'ambika kawirikawiri. Ndi bwino kutaya mphindi zochepa mukuchotsa chilichonse chotchinga kusiyana ndi kukoka muli opindika.

Chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa ndi kutsuka injini ndi madzi amphamvu pa kawoshi. Madzi amakankhidwa kudutsa pa labala wa pamwamba pa koyilo n'kukhazikika pansi pa dzenje, ndipo kumeneko alibe potulukira. Amachititsa dzimbiri pa chitsulo cha pulagi ndi pa kasipuling'i, ndipo kapu imagwira kwambiri kuposa kale. Pambuyo pa namondwe wa Freddy mu March 2023 ndinalandira magalimoto ambiri amene anadutsa m'madzi akuya, ndipo ambiri mwa iwo vuto lawo linali madzi ndi matope m'maenje a mapulagi. Tsopano dzinja likayandikira ndimalangiza makasitomala anga kuti tiyang'ane maenjewo ngakhale mapulagi asanafike nthawi yosintha.

aMbewe, Chirimba

Ndabwera ndi zotsatira. Ndinapita kwa wokonza njinga pamsika wa Chirimba n'kupeza masipoko awiri akale, ndinawapinda monga munafotokozera, ndipo nditayendetsa nsonga mozungulira pulagi ndi kupopera silikoni pang'ono, kapu yakwera bwino ndi timbedza tiwiri. Yatuluka m'zidutswa ziwiri, chachikulu ndi kamphete kakang'ono kamene kanatsalira pansi, komwe ndakatola ndi kambedza komweko. Labala wake ndi wofewa kwambiri komanso wofufuma poyerekeza ndi wa koyilo yoyamba. Ndapukuta oyilo, ndapopera mpweya ndi pampu ya matayala, ndipo pulagi yamasuka popanda vuto. Mayi Nangozo, kamzere kakuda kamene munanena kalipodi pa gawo loyera, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Funso langa tsopano ndi lakuti, kodi ndigule koyilo yonse kapena kapu yokha, ndipo pobwezeretsa ndipake chiyani kuti zisadzagwirenso?

Mayi Nangozo, Limbe

Kamzereko kakufotokozerani chifukwa chimene galimoto imamisira pokwera chitunda. Injini ikalemedwa, mphamvu ya mpweya mu silinda imakwera, moto umafuna magetsi ochuluka kuti udumphe kunsonga ya pulagi, ndipo ukapeza njira yosavuta kunja umadutsa kumeneko.

Musathamangire kugula koyilo. Makapu a makoyilo a kampani ya Denso amapezeka paokha, nthawi zina pamodzi ndi kasipuling'i, ndipo mukapita ku masitolo a zipangizo ku Limbe mutenge koyilo yanuyo m'manja kuti muyerekeze kutalika ndi kukula kwa bowo, chifukwa makapu ambiri amafanana pamaso koma amasiyana pang'ono. Muyang'anenso thupi la koyilo padzuwa ngati lili ndi mng'alu kapena malo otuwa opserera. Ngati lili bwino, valikani kapu yatsopano, ndipo koyilo imeneyo muiike pa silinda yoyamba, ya pa silinda yoyamba ipite kumbuyo. Galimoto ikapitiriza kumisa ndipo makina oyezera akaonetsa P0301 (kumisa kwa silinda yoyamba) m'malo mwa P0304 (kumisa kwa yachinayi), mudzadziwa kuti vuto lasamuka ndi koyilo, ndipo pamenepo ndiye mugule ina. Ine ndimakhulupirira koyilo yeniyeni ya Denso yochotsedwa pa injini ina kuposa yatsopano yotchipa yopanda dzina, chifukwa zotchipazo ndazionapo zikufa pasanathe nyengo imodzi ya mvula. Kapu ya silinda yachitatu nayonso muisinthe, popeza yayamba kale kumwa oyilo.

Chopaka ndi girizi wa silikoni amene pachubu pamalembedwa dielectric grease. Mutenge pang'ono kwambiri pa kamtengo ka machesi kapena pa kathonje, mupake m'kati mwa mlomo wa kapu mozungulira, pomwe labala amakhudza seramiki. Giriziyu sadutsitsa magetsi, choncho musadzaze bowo lonse kapena kupaka pa kasipuling'i ndi pamutu wa pulagi. Ntchito yake ndi kutchinga chinyezi ndi kuletsa labala kumatirira. Girizi wa mabering'i, oyilo wa injini ndi Vaseline musayerekeze n'komwe, chifukwa zonsezi zidzafufumitsa kapu yatsopanoyo.

Ndikupemphaninso kuti musayendetse galimoto ikumisa kwa nthawi yaitali. Petulo wosapsa amapita ku ekizozi n'kukatentha catalytic converter, yomwe imayeretsa utsi, ndipo chida chimenecho ndi chodula kwambiri.

aPhiri, Ndirande

Pa kumanga mapulagi ndinenepo pang'ono. Injini zambiri za 2TR-FE zimagwiritsa ntchito pulagi ya iridium ya mazinga aatali monga Denso SK20HR11, yomwe mpata wake wa 1.1 mm umabwera woikidwa kale, choncho musaigogode kapena kukanikiza kansonga kake kopyapyala. Muyerekeze yatsopano ndi yakale, makamaka kutalika kwa mazinga, musanaiike. Musaiponye m'dzenje, koma muitsitse ndi soketi yokhala ndi labala kapena maginito m'kati, kapena muivalike kapaipi ka labala pamutu. Muyambe kumanga ndi zala zokha, pogwiritsa ntchito ekisitenshoni (chitsulo chotalikitsira soketi) yopanda chogwirira, ndipo ikalimba isanazungulire kangapo muibweze n'kuyambanso, chifukwa yalowa mopingasa. Ikafika pansi ndi zala, pulagi yatsopano ya washala imafuna pafupifupi theka la mzungulo, ndipo amene ali ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, atsate nambala ya m'buku la galimoto. Pa mazinga musapake kanthu. A NGK, kampani yopanga mapulagi, amanena okha kuti mapulagi awo a mazinga onyezimira safuna chopaka, ndipo mukapaka mumamanga mopitirira muyeso osazindikira. Kabawuti ka koyilo nakonso kamangofuna kugwira, si kolimbitsa ndi mphamvu.

Koma ntchito yanu sinathe, bambo Mbewe. Oyilo amene munamupeza m'dzenje lachitatu ndi lachinayi adzabwereranso ngati simusintha gasiketi ya tapeti kava pamodzi ndi masili a maenje a mapulagi, ndipo makapu atsopanowo adzafufuma monga akalewo.

aMbewe, Chirimba

Ndamva, bambo Phiri. Makapu awiri ndi girizi ndikagula mawa m'mawa. Za gasiketi ndikufuna kudziwa ngati ndingayende kaye masiku ochepa ndisanasinthe, chifukwa ndili ndi katundu wa kasitomala woti ndikatule ku Chileka, komanso ngati ndi ntchito yoti ndingaichite ndekha pabwalo.

aPhiri, Ndirande

Ulendo wa ku Chileka mukhoza kuyenda popanda nkhawa, chifukwa oyilo amatsika pang'onopang'ono ndipo masiku ochepa sangawononge makapu atsopano, koma musalole kuti mwezi uthe. Ntchitoyo mukhoza kuichita nokha ngati muli odekha. Mugule gasiketi ndi masili a maenjewo nthawi imodzi, ndipo mufunse bwino chifukwa ena amagulitsa gasiketi yokha. Muchotse makoyilo, mapaipi ndi mawaya onse amene agona pa tapeti kava, mumasule mabawuti ake, ndipo ikakana kunyamuka muimenye pang'ono m'mbali ndi chikhatho kapena hamala ya labala, osalowetsa chitsulo pakati pa iyo ndi hedi. Mupukute bwino malo okhala gasiketi, muike sealant (phala lomatira mipata) pang'ono pokhapokha pomwe hedi imakumana ndi chivundikiro cha tcheni kutsogolo kwa injini, ndipo pomanga muyambire mabawuti apakati kupita kunja, pang'onopang'ono, maulendo awiri kapena atatu. Muyang'anenso vavu ya PCV, yotulutsira mpweya wa m'kati mwa injini, yomwe ili pa tapeti kavayo, chifukwa ikatsekeka mpweya umadzadza m'kati mwa injini n'kukankha oyilo kudutsa pa masili ngakhale atsopano. Muichotse, muigwedeze pafupi ndi khutu, ndipo ikapanda kulira m'kati muisinthe tsiku lomwelo.